Njoka ya Pansi pa Chitseko

12 Epulo

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wanga. Muli bwanji kumeneko, nanga bondo lija likukulolani kugona? Ine kuno kudziko la eni ndili bwino, kupatula msana umene umandikumbutsa madzulo aliwonse kuti ndine telala. Kalatayi ndapatsira dalaivala wa katundu uja, chifukwa pafoni timangokalipirana: ine "muli bwanji", inu "wati chiyani", mpaka mayunitsi kutha tisanamvane. Iwe mng'ono wanga amene ukuwawerengera amayi, uwerenge mokweza ndipo usadumphe mizere, ndimakudziwa.

Nkhani yaikulu ndi ya achimwene. Anatuluka m'chipatala ndipo tsopano akukhala kwa ine. Ntchito yawo yaulonda ija inatha. Anzawo amene ankagona nawo chipinda chimodzi atamva dzina la matendawo anawatulutsira chikwama panja, ndipo ndinakawapeza atakhalira chikwamacho m'mbali mwa msewu, atavala jekete yawo ya yunifomu ngati akulonderabe. Zina zimene ndinaona tsiku limenelo ndidzakuuzani pamaso. Aonda, amayi, sindikunamizani, koma akudya, mankhwala akumwa, ndipo pakamwa pokha sipanadwale.

Adokotala akuti asakwere basi ya ulendo wautali mpaka mankhwala agwire bwino, mwina cha mu Seputembala. Anandiuzanso kuti chifuwa chachikulu chimene akudwalachi chimadana ndi chisanu. Ndiye ntchito yanga ndi imodzi basi: kuwadutsitsa m'miyezi yozizira ikubwerayi, kenako ndiwakweze basi adzakupezeni akuyenda ndi miyendo yawo. Ndalonjeza zimenezo, ndipo iwe mng'ono wanga ndiwe mboni.

Vuto ndi chipinda changachi. Chili kuseri kwa nyumba ya alandilodi, pamzere wa zipinda za alendi anzanga. Denga ndi malata opanda siling'i, pansi ndi simenti, zenera ndi limodzi ndipo galasi lake linasweka pakona. Chitseko sichifika pansi, pali mpata woti dzanja limalowa lonse. Ndili ndekha sindinkasamala, ndinkangobwera kudzagona. Achimwene tsiku loyamba anayang'ana uku ndi uku n'kufunsa kuti, "Iwe telala, lendi imene umalipirayi ndi ya chipinda kapena ya khonde?" Ndinawayankha kuti amene sakukondwa abwerere pamsewu paja. Anaseka mpaka kutsokomola kosalekeza, ine n'kuchita manyazi ndi pakamwa pangapa.

Koma ndapeza nzeru. Kushopu kwathu timasoka makatani, mapilo ndi zoyala pabedi, ndipo nyengo ino azimayi a ndalama amabwera ndi zithunzi pafoni, ati chipinda chawo chogona chioneke chofunda. Chioneke, amayi, osati chifunde, popeza kwawoko kumafunda kale. Zidutswa za nsalu zotsala timaziponya m'thumba la zinyalala. Ndapempha abwana ndipo andilola kumatola, bola ndisasoke zanga nthawi ya ntchito.

Kandalama ndaika m'kalatamu ndi kochepa kusiyana ndi kale, mukumvetsa chifukwa chake. Mugule mafuta opaka bondo. Alamu anga muwauze kuti amuna awo akupeza bwino, koma zotulutsirana chikwamazo asamve.

Ndine mwana wanu.

3 Meyi

Amayi,

Moni nonse pakhomopo. Ndamva kuti bondo laleka kutupa, ndathokoza. Ife kuno tadzuka, achimwene tsopano akutsokomola m'mawa mokha. Chisanu chayamba kugogoda, popita kuntchito zala zimauma mpaka kulephera kulowetsa ulusi pasingano.

Mukanaona chipinda chija simukanachizindikira. Ndinayamba ndi denga. Ndinatola makatoni kuseri kwa sitolo ya mafiriji, ndipo mnansi wathu wowotcherera zitsulo anandithandiza kuwakhomera kunsi kwa malata. Pakona pa galasi ndinamatapo pulasitiki ndi tepi. Kumsika wa kaunjika ndinapeza kapeti yofiirira yopsa ndi ayironi pakona, ndipo ndinanenerera mpaka wogulitsayo anandifunsa ngati kwathu kuli tchalitchi. Popsapo ndaikapo mwendo wa bedi, palibe amene akuona. Bedilo ndawasiyira achimwene, ine ndikugona pamatiresi pansi.

Katani ndiye nkhani. Ndinalumikiza zidutswa za mitundumitundu, chobiriwira chotsala pa oda ya kuhotela, chamaluwa cha mayi wina wovuta amene anatibwezera ntchito kawiri, ndi kena konyezimira, n'kuikira bulangete lakale kumbuyo kuti ikhale yolemera. Achimwene ankalamula ali chigonere: "Kwezako kumanzere. Ayi, watsitsa. Kodi kushopuko amakulipiradi pa ntchito yotereyi?" Nditamaliza anati ikuoneka ngati anthu anamenyana m'sitolo ya nsalu. Koma tsiku lina ndinawapezerera akuisisita ndi dzanja. Ndasokanso mapilo awiri oti azitsamira, chifukwa akagona chagada mpweya umawavuta. Babu loyera lija ndachotsa, ndaika lachikasu, ndipo madzulo nkhope yawo imaoneka ya munthu wathanzi. Zimenezi zimathandiza ine kuposa iwo.

Chinatsala ndi mpata wa pansi pa chitseko uja. Mwamwayi mayi wina anabwera kushopu kudzasoketsa chinthu chimene sindinachionepo: thumba lopyapyala, lotalika mofanana ndi m'lifupi mwa chitseko, lodzaza mchenga, loti uziligoneka pansi pa chitsekocho mphepo isalowe. Ndinati eee, nzeru zotchipa chonchi anthu olemera amatibisira! Ndinasoka langa ndi nsalu yolimba ya mipando. Mchenga tinapempha pamene akumanga nyumba, tinauyanika padzuwa, ndipo achimwene anauthira okha ndi kapu, pang'onopang'ono, akupumira. Atamaliza anati, "Imeneyi ndi njoka, ndipo njoka yopanda maso singalondere pakhomo." Anadula mabatani awiri pa jekete yawo yaulonda n'kuisokera maso. Kusoka kwake n'kokhotakhota, koma sanalole kuti ndikonze. Akuti ulonda ausiyira iyoyo, iwo apuma pantchito.

Amayi, kuyambira tsiku limenelo mphepo yakumapazi inatheratu. Ndagulanso kahita kamagetsi kakale, kamalira ngati njuchi koma kamatenthetsa. Dzulo achimwene anagona osavala chipewa.

Mwezi uno sinditumiza kanthu, zonse zalowa m'chipinda muno. Iwe mng'ono wanga usakwinye nkhope, nsapato zako sizithawa m'sitolo. Mbuzi musagulitse, tipirire kaye.

Ndine mwana wanu.

24 Meyi

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli amphamvu. Ife tili bwino. Sikelo ya kuchipatala yakwera pang'ono, ndipo achimwene abweza lamba bowo limodzi. Akunyada ngati agula galimoto.

Kahita kaja kanatibweretsera mlandu. Magetsi a zipinda zonse amachokera m'nyumba ya alandilodi pa waya mmodzi, ndiye ife tikayatsa, kwawo kumathima. Anabwera ndi ukali, anayenda chipinda ndi chipinda, n'kukapeza kwa ine. Ndinawauza kuti ndili ndi wodwala. Iwo anati, "Wodwala akagone kuchipatala, pano ndi pa lendi. Ndikadzakaonanso kameneka, mupakire." Mawu ndinali nawo, amayi, mukundidziwa, koma ndinawameza. Chipindachi ndinachita lendi ngati munthu mmodzi, ndipo za achimwene akungoyang'anira kumbali. Kahita kali pansi pa bedi.

Wowotcherera uja anatimvera chisoni. Anatenga chitini chachikulu cha penti, anachiboola m'mbali, anaikamo waya, basi mbaula yatuluka. Wapangiranso alendi ena, popeza lamulo la alandilodi lagwera tonse. Makala amagulitsa pakona pa msewu m'timatumba, ndi odula koma tikukwanitsa. Ndimayatsira panja, utsi ukatha ndimalowetsa. Pamenepo chipinda chimafunda mpaka kuvula juzi, ndipo ketulo ya tiyi imakhala pomwepo.

Chipinda chathu chatchuka. Alendi anzanga amabwera ati kudzaona wodwala, koma maso ali pakatani. Make mapasa wa chipinda chakumapeto, amene mwamuna wake amayendetsa malole ndipo sakhalitsa pakhomo, anakhala pakapeti ndi ana ake n'kunena kuti, "Anzathu mukukhala kuhotela muno. Ine anawa amadzuka mamina ali chuchuchu." Ataona njoka anaitanitsa yake. Kenako wowotcherera yake, kondakitala wa chipinda chapakati yake, mpaka tsopano pafupifupi khomo lililonse pamzerewu lili ndi njoka. Ine ndimasoka kushopu nthawi ya nkhomaliro, achimwene amathira mchenga n'kusoka maso ndi mabatani a kaunjika. Tikulipiritsa kangachepe, kongokwanira makala. Akuti iwo ndi manijala, ine wantchito. Mukanawamva akumupatsa make mapasa malamulo a kaweto ka njoka, kuti asaimwetse madzi, asaiponde kumutu, ikaluma mwamuna wake pobwera mochedwa asadzadandaule! Sindinawaonepo akuseka chonchi chibwerereni kuno.

Ndakutumizirani yanu, ili m'katoni limodzi ndi bulangete la buluu. Imeneyi achimwene anailimbikira kwambiri. Maso ake ndi mabatani awiri omaliza a jekete ija, ati amayi awo sangalonderedwe ndi mabatani a kaunjika. Mchenga sitinathire kuopa kulemera, mng'ono wanga athire wouma bwino n'kusoka kumchira. Muziigoneka pachitseko cha kuchipinda kwanu, bondo lija lisamamve mphepo mukamaotha mbaula yanu.

Masiku ano akumadandaula mutu, makamaka ndikamabwera madzulo. Ndikuganiza kuti ndi mapiritsi aja, ndi ambiri zedi ndipo ena ndi aakulu ovuta kumeza.

Moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mwana wanu.

14 Juni

Amayi,

Moni. Ndasangalala kumva kuti katoni inafika yonse ndipo bulangete mwalikonda. Ife tilipo, koma chisanu cha chaka chino ngakhale eni dziko akuti sanachionepo. Mpopi wa panja sutulutsa madzi mpaka dzuwa likwere, ndipo zovala zimalimba gwa pachingwe zili zonyowa.

Kushopu maoda achuluka. Aliyense akufuna makatani olemera lero lomwe, ngati chisanu chawadzidzimutsa, ndiye tikugwira ndi Loweruka lomwe. Ndimachoka m'mawa nditawasiyira mbaula yoyaka, tiyi ndi mazira owiritsa, n'kubwera dzuwa litalowa. Achimwene amakhala okha tsiku lonse. Maoda a njoka anatha popeza aliyense ali nayo, ndiye manijala wathu amangogona.

Sabata yatha anatsokomola kwambiri ndipo ndinachita mantha. Ndinanyowetsa dzanja n'kuliyendetsa m'makoma kufufuza pamene mphepo ikulowerabe. Ndinapeza timabowo tija amasiya amisiri pamwamba pa khoma. Ndinakwera pampando n'kutsekamo siponji yotsala ya mapilo, ndipo m'mbali mwa zenera ndinamatanso tepi ina. Tsopano ukatseka chitseko n'kukankhira njoka, ngakhale lawi la kandulo siligwedezeka. Ndinanyadira, amayi. Ndinati chisanu chikagogode kwa alandilodi, kwa ine chalemba m'madzi.

Koma mutu uja sukusiya. Lachinayi ndinawapeza atasanza, akuti chizungulire, ndipo nditafunsa ngati anadya anandiyankha mwaukali. Nanenso ndinapsa mtima. Ndinati ine ndikuthyoka msana kushopu, ndiye dzira lokhali mpaka ndikunyengerereni? Iwo anati, "Ukanandisiya pachikwama paja, bwenzi ukupuma." Tinagona osalankhulana. M'mawa ndinapeza atandipukutira nsapato n'kuziika pafupi ndi mbaula kuti ndivale zofunda. Sindinathokoze ndi pakamwa, ndinangowathirira shuga wambiri mu tiyi.

Chodabwitsa n'chakuti Lamulungu ndikakhalapo, tikatulutsa mipando n'kukhala panja padzuwa, amakhala bwinobwino, nthabwala zili mbwee. Ndawauza kuti matenda awo ndi kundisowa ine basi. Nanenso mutu umandiwawa ndikakhalitsa m'nyumba madzulo, koma ndi maso awa, kuyang'ana singano tsiku lonse.

Tsiku lathu lakuchipatala ndi kumapeto kwa mwezi, ndikawafunsa adokotala ngati angasinthe mapiritsi. Ndinafuna kupempha tsiku kuntchito kuti tipite msanga, koma mnzanga wina atapempha sabata yatha anamuuza kuti akapita asabwerenso.

Achimwene akuti muwauze alamu kuti mwana wamkulu asajombe kusukulu ngakhale kuzizire bwanji, bambo ake akubwera ndi mpira. Anagula kale, uli pansi pa bedi pamodzi ndi kahita. Ndafunsa mtengo wa tikiti ya Seputembala ndipo ndayamba kusunga. Tikangodutsa Julayi, tapulumuka. Mutipempherere.

Ndine mwana wanu.

30 Juni

Amayi,

Sindikudziwa kuti ndikupatseni moni wotani. Ndifunsabe, muli bwanji? Mukudya? Iwe mng'ono wanga, uwakakamize kudya.

Zimene ndinanena pafoni ndi zomwezo, palibe chasintha. Tsiku limenelo munamva bwinobwino, simunati "wati chiyani".

Galimoto yonyamula thupi la achimwene inyamuka mawa. Anthu akwathu okhala kuno asonkha, wowotcherera wayenda nane m'maofesi onse, ndipo abwana anandipatsa masiku ochepa ndi kangachepe. Ine sindibwera nawo. Mapepala anga mukudziwa mmene alili, ndikatuluka sindilowanso, ndipo tsopano pali ana a achimwene oti adye ndi kuphunzira. Mundikhululukire pamenepo.

M'chikwama mwawo muli zovala, foni, mpira wa mwana ndi jekete yaulonda ija. Ilibe mabatani, musadabwe. Mapiritsi otsala ndabweza kuchipatala. Ndalama ya tikiti ya Seputembala yalowa pagalimoto yomweyi.

Alamu anandifunsa pafoni kuti, "Si munati akupeza bwino?" Ndinatero, ndipo zinali zoona. Si chifuwa, amayi. Chifuwa chinali kupola. Zinazo ndilemba m'kalata ina. Chimodzi chokha: njoka ndinakutumizirani ija musaiikenso pachitseko, ndipo mbaula isalowe kuchipinda. Ndinanena pafoni, ndikubwerezanso.

Mwana wanu.

21 Julayi

Okondedwa Amayi,

Moni kwa inu, alamu ndi ana. Ndathokoza onse amene anagwira ntchito imene ndinayenera kugwira ine. Ndamva kuti mwayambanso kudya pang'ono. Ine ndinabwerera kushopu, thupi lilibe vuto.

Ndinalonjeza kuti ndilemba. Linali Lachitatu, kunja kuli mitambo ndi kamphepo kobaya. Ndinawasiya atakhala pabedi, atatsamira mapilo aja, akumwa tiyi. Anati, "Telala, uthireko makala ambiri, lero kwaipa." Ndinathira. Ndili pakhomo anandiuza kuti ndibwere ndi malalanje. Nditatseka ndinamva akukankhira njoka pachitseko ndi phazi, monga ankachitira masiku onse.

Ndinabwera madzulo, malalanje ali m'manja. Ndinagogoda, kuli zii. Kiyi anazungulira koma chitseko chinakana, njoka inali itapanikizika pansi pake. Wowotcherera anachikankha ndi phewa. M'kati munali mofunda bwino, amayi, mofunda kuposa tsiku lina lililonse. Anali atagona chammbali, atafunda bulangete, nkhope ili bwinobwino, ngati muja ankagonera masana akachoka kolondera. Ine ndinayamba n'kuwakalipira kuti bwanji osanditsegulira.

Adokotala anandikhazika pansi n'kundifotokozera. Akuti makala, ngakhale utsi utatha, amatulutsa mpweya woipa wosaoneka komanso wosanunkha. M'chipinda cha mipata umatuluka wokha. M'chipinda chotsekedwa bwino umadzaza, munthu mutu umamuwawa, amasanza, amagona, osadzukanso. Anandifunsa ngati chipinda chathu chili ndi timabowo ta mpweya. Ndinati chinali nato. Ndiye mutu uja sanali mapiritsi. Thupi lawo linkanena milungu yonse ija, ine ndili kalikiliki kukwera pampando kutseka pamene panatsala. Zimenezi zikundidya, amayi, ndipo anthu akamanditonthoza kuti sunadziwe, ndimafuna kuwamenya. Ndikudziwa kuti sindinadziwe.

Nditangochoka kwa adokotala ndinatenga sizasi yanga yakushopu n'kuyenda khomo ndi khomo pamzere wathu, chifukwa paliponse pali mbaula ndipo paliponse pali njoka yosokedwa ndi ine. Kondakitala anandipatsa yake. Wowotcherera anali atataya kale yake, pamodzi ndi chitsulo chimene ankaboolera zitini. Munthuyo sandiyang'ana kumaso mpaka lero, nanenso sindimuyang'ana.

Make mapasa yekha anakana. Anaima pakhomo pake, njoka ataiponda ndi phazi. Anati, "Achemwali, pepani ndi maliro, koma iyi sindipereka. Chiikireni imeneyi ana anga sanadwalepo. Mukufuna ndiwapulumutse ku makala kuti chibayo chiwatenge?" Ndinati ndiye siyani mbaula. Anati, "Mundipatsa magetsi inuyo?" Ndinagwada pakhomo pomwepo, ndinagwira njokayo kumchira, ndinadulako kutalika kwa dzanja langa, mchenga n'kumwazika pansi, kenako ndinasoka pamanja. Tsopano siyifika kumapeto kwa chitseko, pakona pamatsala mpata. Ndinakwera pampando wake kuona ngati timabowo ta pamwamba tili totsegula, ndipo ndinamulumbiritsa kuti mbaula izituluka panja ana asanagone. Analumbira, koma kuzizira kwa kuno ndikukudziwa. Ndiye m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito ndimagogoda pakhomo pake mpaka ndimve mawu a ana onse awiri. Wayamba kunyansidwa nane. Anyansidwe.

Alandilodi anabwera kudzapepesa, n'kufunsiratu ngati mwezi wamawa ndikhala ndekha kapena kukubweranso wina. Kandalama ka alamu kali mu envelopu yakeyake, muwapatse pamanja.

Ndine mwana wanu.

11 Ogasiti

Amayi,

Moni wa mwana wanu. Bondo likuti bwanji? Ine ndilipo. Kuno chisanu chayamba kuchepa, masana munthu ukhoza kuvula juzi. Mitengo ya mumsewu wathu yayamba kuphukira, ndipo ndikamaiona ndimaikwiyira.

Chipinda chabwerera mwakale. Siponji ndinachotsa, tepi ndinamatula, kapeti ndinampatsa make mapasa. Katani ndinafuna kuing'amba koma manja anakana, ili pomwepo. Ndikugonabe pamatiresi pansi, bedi lili loyala. Mphepo imalowa pansi pa chitseko n'kundipeza kumapazi, ndimangoisiya. Njoka yathu ndinakakhuthula mchenga wake pamene tinaupempha paja, mabatani ali m'kachikwama kanga ka singano. Mayi uja anabweranso kushopu kudzasoketsa ina ya chipinda cha alendo. Kwawo kulibe mbaula, palibe choopsa, komabe ndinapempha mnzanga kuti asoke ndiye.

Tsopano nkhani imene ndalembera. Mng'ono wanga wandiuza pafoni, ndipo musamukalipire, ndinamukakamiza ndine. Akuti njoka ija simunataye. Akuti masana imakhala pabedi panu, ndipo kukazizira mumaigoneka pachitseko, mbaula ili m'kati chifukwa cha bondo. Akuti atafuna kuichotsa munati, "Mwana wanga anandisokera kuti izindilondera, iwe ndiwe ndani?"

Amayi, ndikumvetsa. Ndi chinthu chomaliza chimene manja awo anagwira n'kukutumizirani. Koma tamvani ndikuuzeni amene anasoka chiyani. Thumba lonselo, kuyambira kumutu mpaka kumchira, ndinasoka ndine pamakina a kushopu. Mchenga anathira mng'ono wanga. Za achimwene ndi maso okha, mabatani awiri aja ndi ulusi wakuda wokhotakhota. Ndiye tengani lezala, mudule kachigamba ka kumutu pamene pali mabataniwo, osamasula ulusi wawo, mukasunge pansi pa pilo kapena paliponse pamene mufuna. Zotsalazo ndi zanga, ndipo ine mwini wake ndikuti zitayidwe kudzala lero lomwe.

Iwe wowerenga, apa usadumphe ngakhale liwu limodzi, ndipo ukamaliza uyambirenso. Ndinalonjeza kuti achimwene adzakupezani akuyenda ndi miyendo yawo, ndipo ndinalephera. Maliro awo ndinawamvera pafoni, nditakhala pansi m'chipinda muno ndekha. Anu sindikufuna kuwamvera pafoni.

M'katoni muli bulangete lina lolemera ndi masokosi aubweya aatali ofika pabondo. Fundani zimenezo. Mbaula izitsala panja, ndipo chitseko chisiyeni ndi mpata wake, amayi, mphepo izilowa.

Ndine mwana wanu,
telala uja.